Linux ni Yamahala, Nanga Oilemba Amadya Ciyani?

Ife amene timadzipeleka pa mawailesi a m'madela timaidziwa nchito yopanda malipilo. Timawelenga nkhani, timaulutsa mauthenga a malilo, timacititsa mapulogilamu a alimi, koma mwezi ukatha palibe cimene cimalowa m'thumba. Mwina n'cifukwa cake timaikonda nkhani yakuti Linux, imene imayendetsa makompyuta a mu situdiyo yathu, inalembedwa na anthu odzipeleka monga ife. Nkhaniyo ni yokoma, ndipo poyamba zinalidi conco. Koma masiku ano nchito yaikulu ya Linux imagwilidwa na anthu olembedwa nchito na makampani akuluakulu, amene amalandila malipilo mwezi na mwezi. Ife sitiona colakwika pamenepo. Koma popeza timaidalila tsiku lililonse, ni bwino tidziwe amene amaisamalila, cifukwa cake amatelo, na mbali zimene amazisiya.

Kwa amene simunazolowele mau amenewa, kompyuta kapena foni iliyonse yamakono ili na pulogilamu yaikulu imene imayang'anila zonse, yochedwa operating system. Windows ni imodzi mwa izo. Pakati pa pulogilamu yaikuluyo pali mbali yochedwa kernel, imene imakambilana na zitsulo za makinawo, monga kiyibodi, sikilini, maikolofoni na malo osungilamo mafailo. Linux kwenikweni ni kernel. Ikaphatikizidwa na mapulogilamu ena imakhala Ubuntu, Debian, Fedora, ngakhale Android. Conco ngati muli na foni ya Android m'thumba, kaya ni Tecno kapena Samsung, mumayenda na Linux kulikonse kumene mupita.

Anaiyamba ni Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzila pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Mu 1992 anaiika pansi pa cilolezo cochedwa GPL. Lamulo la cilolezoci ni losavuta kumva. Aliyense angatenge code, kutanthauza malangizo olembedwa amene amapanga pulogilamuyo, n'kuiwelenga, kuisintha, ngakhale kuigulitsa. Koma akagawila ena cimene wasinthaco, afunika kuwapatsanso code yake pansi pa lamulo lomwelo. Palibe amene angatenge za gulu n'kuzikhomela m'nyumba mwake. Lamulo limeneli ndilo linapangitsa kuti makampani amene amalimbilana makasitomala pamsika akwanitse kulima munda umodzi, aliyense ali na citsimikizo cakuti mnzake sadzathawa na zokolola.

Masiku ano Linux yatsopano imatuluka pakapita milungu 9 kapena 10 iliyonse. Pa mtundu umodzi cabe pamagwila nchito anthu pafupifupi 2,000 ocokela ku makampani oposa 200. Malipoti a bungwe la Linux Foundation akhala akuonetsa kuti nchito yoposa 80 pelesenti imacitidwa na anthu olipilidwa. Maina amene amaonekela kawilikawili pamwamba ni Intel, Google, Red Hat, AMD, Huawei, Samsung, SUSE, Oracle na IBM. Ngakhale Torvalds mwiniwake amalandila malipilo kucokela ku Linux Foundation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2007, ndipo ndalama zake zambili zimacokela ku makampani amene ni mamembala.

Nanga n'ciyani cimapangitsa kampani kulipila munthu kuti alembe cinthu cimene mdani wake pa malonda adzacitenga kwaulele? Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Tiyelekeze kampani yopanga zipangizo za mau. Kuti cipangizo cake cigwile nchito pa Linux, pafunika kapulogilamu kochedwa driver, kamene kali ngati womasulila pakati pa kernel na cipangizoco. Kampaniyo ingasunge driver yake payokha, koma mkati mwa kernel zinthu zimasintha nthawi zonse, ndipo pakapita miyezi yocepa driver ija imaleka kugwilizana na kernel yatsopano. Ndiye kuti caka na caka kampaniyo izingolipila anthu oikonzanso. Koma ikaipeleka kuti ilowe mu kernel ya onse, pali mwambo wakuti amene wasintha mkati mwa kernel ndiye amakonzanso ma driver onse okhudzidwa. Anthu ena amaiyesa, ena amapeza zolakwika. Kupeleka kumachipa kuposa kubisa.

Mbili ya makampani pawokha imaonetsa zimenezi. Kumapeto kwa caka ca 2000, IBM inalengeza kuti idzaika madola 1 biliyoni pa nchito ya Linux, cifukwa inafuna kugulitsa makompyuta ake akuluakulu. Mu 2019 inagula Red Hat na madola 34 biliyoni. Mu 2001 mkulu wa Microsoft, Steve Ballmer, anayelekeza Linux na khansa. Koma mu 2009 kampani yomweyo inapeleka mizele ya code pafupifupi 20,000 kuti Linux iziyenda bwino pa mapulogilamu ake a ma seva, ndipo mu 2016 inalowa Linux Foundation. Makasitomala ake anali kufuna Linux, basi. Mu 2010 makampani opanga tuzipangizo twa m'mafoni, monga ARM, Samsung na Texas Instruments, anakhazikitsa bungwe la Linaro kuti azigwilila pamodzi nchito imene aliyense anali kuibweleza payekha.

Kwa ife a pa wailesi, nkhaniyi imafika mpaka pa maikolofoni. Mbali ya kernel imene imayang'anila mau imachedwa ALSA, ndipo mmodzi mwa amene akhala akuisamalila kwa zaka zambili ni Takashi Iwai, wogwila nchito ku kampani ya SUSE. Pulogilamu ya PipeWire, imene masiku ano imayendetsa mau pa mitundu yambili ya Linux, inayambidwa na Wim Taymans wa ku Red Hat. Conco uthenga wa malilo ukacoka pa kompyuta yathu kupita ku mixer, n'kukafika pa kawailesi ka agogo kumudzi, umakhala wadutsa m'nchito ya anthu amene sanamvepo dzina la sitesheni yathu, olipilidwa na makampani amene sitinawapatseko ngakhale ngwee imodzi. Tikaganiza zimenezi timayamikila. Ndalama zimene timasonkha kwa amalonda a pamsika na kwa otumiza moni sizikanakwana kugula malaisensi a makompyuta onse.

Cina cimene timacilemekeza n'cakuti ndalama pazokha sizitsegula citseko. Kampani ikalemba code, imaitumiza poyela kwa oyang'anila mbali imeneyo, ochedwa ma maintainer. Iwo amaiwelenga, amafunsa mafunso, ndipo ngati siinalembedwe bwino amaibweza, kaya yacokela ku kampani yaikulu motani. Wotumiza aliyense amasaina na dzina lake kutsimikizila kuti ali na ufulu wopeleka code imeneyo. Zokambilana zonse zimasungidwa pamalo pamene aliyense angaziwelenge. Ife amene tinakhalapo m'makomiti a m'mudzi timadziwa kuti si kawilikawili wopeleka ndalama amauzidwa kuti abwelele akakonze nchito yake.

Koma pali mbali ina. Kumidzi timaona mmene misewu ina imakhalila. Kampani yogula thonje kapena fodya ikakonza msewu kuti mathilaki ake aziyenda bwino, tonse timapindula, wa njinga, wa ngolo, ngakhale ambulansi. Koma giledala imathela pa depoti. Kamsewu kopita ku mudzi wotsatila kamatsala na maenje ake. Mu code ya Linux muli failo yochedwa MAINTAINERS, imene imaonetsa woyang'anila mbali iliyonse na mmene mbaliyo ilili. Mau akuti Supported amatanthauza kuti pali munthu amene amalipilidwa kuti aisamalile. Akuti Maintained amatanthauza kuti alipo amene amaiyang'anila. Ndiyeno pali mau akuti Orphan, mwana wamasiye, kutanthauza kuti palibe amene akuisamalila. Nthawi zambili amasiye amenewa amakhala ma driver a zipangizo zakale zimene opanga ake analeka kuzigulitsa. Zipangizo zotelo n'zimene zimafika kwa ife, zogulidwa zosewenzetsedwa kale kapena zopatsidwa na mabungwe.

Nthawi zina maenje amapezeka ngakhale pa msewu umene mathilaki onse amapitapo. Mu April 2014 kunapezeka vuto lalikulu, lochedwa Heartbleed, mu pulogilamu ya OpenSSL imene imateteza mapasiwedi na zinsinsi za anthu pa intaneti. Ndiye pamene dziko linadziwa kuti pulogilamu yodalilidwa na makampani olemela kwambili inali kulandila zopeleka za madola pafupifupi 2,000 cabe pacaka. Pambuyo pake makampani monga Google, IBM, Facebook na Microsoft anasonkha ndalama zothandizila nchito zotelo. Mu March 2024 zinatsala pang'ono kucitikanso. Kapulogilamu kocepetsa kukula kwa mafailo, kochedwa xz, kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse, kanali kusamalilidwa na munthu mmodzi wodzipeleka amene anali atatopa. Munthu wina wobisa dzina anadzionetsa ngati wothandiza kwa zaka pafupifupi ziwili, mpaka anapatsidwa mphamvu, ndipo anabisamo njila yolowela m'makompyuta a anthu mwakuba. Anazindikila ni Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, ataona kuti kompyuta yake ikucedwa na theka la sekondi polowa. Nkhani ya wodzipeleka wotopayo ife timaimva bwino. Timadziwa mmene zimakhalila munthu akasenza yekha nchito ya gulu kwa zaka, ndipo woyamba kumufunsa ngati afuna thandizo n'kukhala wakuba.

Makampani amasinthanso maganizo mogwilizana na malonda awo. Mu December 2020, Red Hat inalengeza kuti CentOS 8, Linux yaulele imene anthu ambili anali kuisewenzetsa pa ma seva, idzaleka kusamalilidwa kumapeto kwa 2021 m'malo mwa 2029. Anthu anadandaula kwambili. Koma apa ndiye pamene cilolezo cija cinaonetsa mphamvu yake. Popeza code inali poyela, mu 2021 kunabadwa AlmaLinux na Rocky Linux, ndipo amene anafuna anasamukila kumeneko. Kampani ingacoke m'munda, koma siingatenge munda. Cimene ingatenge ni anchito ake, ndipo popanda olima munda umamela thengo. Ni mmenenso zilili na makompyuta akale a 32-bit. Ubuntu inaleka kutulutsa mtundu wa pa desktop wa makina otelo mu 2017, ndipo Debian 13 ya mu 2025 nayonso ilibe njila yoikila pa iwo. Palibe amene waletsedwa kupitiliza nchitoyo, koma ofuna kuigwila ni ocepa.

Pali msewu wina umene giledala siinafikeko, wa zinenelo zathu. Dzina lakuti Ubuntu linacokela ku South Africa, kwawo kwa Mark Shuttleworth amene anayambitsa kampani ya Canonical mu 2004, ndipo ni mau amodzimodzi na umunthu wathu. Koma tikayatsa kompyuta mu situdiyo, zonse zimene timawelenga pa sikilini zili m'Cingelezi. Mnyamata kapena mtsikana amene amakamba Cinyanja cokoma pa maikolofoni amavutika kusunga failo cifukwa ca mau a pa menyu. Sitiyembekezela kuti kampani ya ku America kapena ku Germany idzalipila munthu womasulila zimenezi, cifukwa ife sindife msika waukulu kwa iwo. Koma njila yomasulila ni yotseguka kwa aliyense, ndipo kumasulila ndiyo nchito imene ife a pa wailesi timagwila m'mawa uliwonse tikalandila nkhani za m'Cingelezi.

Conco pa sitesheni yathu tagwilizana zinthu zing'onozing'ono. Tisanagule sound card kapena pilinta, timayamba tafufuza ngati driver yake ili kale mu kernel, ndipo wogulitsa timamufunsa funso lomwelo kuti adziwe kuti alipo makasitomala amene amasamala za ici. Cinthu cikavuta, timalemba bwinobwino cimene cacitika, mtundu wa makina na mtundu wa Linux, n'kutumiza kwa oisamalila, cifukwa sangakonze vuto la pa kompyuta imene iwo alibe ngati palibe wowauza. Wacinyamata amene amatikonzela makompyuta timamupatsa kangacepe m'malo mongomuuza zikomo, kuti luso limeneli likhale na phindu kuno kwathu. Ndipo tayamba kulemba m'kabuku mau a Cinyanja amene timasewenzetsa pophunzitsa odzipeleka atsopano, monga kusunga, kudula, kumata na kujambula mau, kuti tsiku lina akhale poyambila kumasulila.

Sitidzinamiza kuti zimenezi zingafanane na mabiliyoni a IBM. Makampani adzapitiliza kusenza mtolo waukulu, ndipo ife tidzapitiliza kupindula na nchito yawo mosacita manyazi, cifukwa nawonso amapindula na nchito ya ena. Koma iwo amasamalila cimene cimawabweletsela ndalama. Kompyuta yakale, cipangizo cimene cinatha pamsika, na cinenelo ca anthu a kuno, zimenezo zidzasamalilidwa na amene amazifuna. Ngati muli pa wailesi ina, pa sukulu kapena pa laibulale ndipo mumasewenzetsa Linux, tiyeni tidziwane. Kabuku kathu ka mau kakali kocepa, ndipo tingakondwe kuona mau amene inu mumasewenzetsa kumeneko.