Wopanga Filimu Amene Anatiperekeza Pobwerera Kwathu

Kuno kwathu filimu timaidziwa ndi womenya. Mukafunsa mnyamata wa ku Biri-Biri kuti dzulo waonera ciani, adzakuyankhani kuti "ya Jet Li" kapena "ya Rambo." Mayi wokonda za ku Nigeria adzakusimbirani za mkazi wansanje uja amene anathira mankhwala m'ndiwo za mnzake. Dzina la munthu amene anakonza zonsezo silichulidwa konse. Limalembedwa ndithu, koma nthawi zambiri timaliphonya, cifukwa limatuluka anthu akulimbirana mabenci, kapena mwini vidiyo atayamba kale kutulutsa anthu kuti ena alowe.

Munthu ameneyu m'Cipwitikizi amati realizador, ndipo abale athu a kutsidya kwa msewu amati dayirekita. Ine ndimangoti wotsogolera filimu. Iye ndiye amasankha nkhani, amasankha anthu oisewera, amauza wa kamera poti aime, ndipo pomaliza amataya zimene akuona kuti n'zosafunika. Nchito imeneyi ndimaimvetsa cifukwa cha wailesi. Inu kunyumba mumamva mawu okha, koma pamakhala wina amene wagamula kuti agogo aja alankhule mphindi zisanu, mkulu wa boma alankhule ziwiri, kapena kuti agogowo asamveke n'komwe. Wogwira mpeni umenewo ali ndi mphamvu yaikulu. Conco pondifunsa wotsogolera filimu amene ndimamukonda, funso lenileni ndi lakuti: ndani amene ndimamukhulupirira akagwira mpeni wodulira nkhani za anthu?

Maina amene ndinawayeza ndi atatu. Woyamba ndi Shemu Joyah wa ku Malawi, amene nchito yake yoyamba ndi yoyeza malo, koma anapanga Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Ameneyu ndimamupatsa ulemu waukulu, cifukwa anaonetsa kuti filimu yooneka bwino ingathe kupangidwa pafupi ndi ife pomwe pano, ndi anthu olankhula monga ife. Waciwiri ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amene mu 2019 anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, mnyamata amene anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola. Ejiofor anaphunzira ciyankhulo cathu kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo. Omvera athu ena amaseka kachulidwe kake ka mawu, koma ine ndimati munthu wodzicepetsa kuphunzira lilime la eni nkhani sasekedwa.

Komabe wanga ndi wacitatu, Licínio Azevedo. Kuti mumvetse cifukwa cake, mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Ine ndinabadwa nkhondo itayamba kale. Mu 1986 banja lathu linawoloka malire usiku n'kukakhala m'boma la Ntcheu, monga anacitira ambiri a inu amene mukuwerenga kabuku kano. Pa nthawi ina dziko la Malawi linasunga anthu a ku Moçambique oposa 1 miliyoni. Sukulu ndinayambira komweko, ndipo filimu yanga yoyamba ndinaonera pa Lizulu, m'kanyumba ka mdima kofoleredwa ndi malata akale, titapanikizana ngati matumba a kacewere. Tinkatuluka m'menemo tikudumpha ngati Bruce Lee. Zinali zokoma, ndipo sindizinyoza, pakuti mwana wothawa nkhondo amafunanso kuseka. Koma mafilimu amenewo anatiphunzitsa cinthu cimodzi mosatiuza: kuti zoyenera kujambulidwa zimacitika kutali, kwa anthu a magalimoto ndi nyumba zosanja, ndipo za ife n'zongopirira basi.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera caka cotsatira. Tinapeza pamudzi pali chire, mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Amalume analetsa kuti wina asayambe kusosa kapena kusonkha moto tisanapite kumanda. Anatenga ufa m'kambale, natitsogolera patsinde pa mtengo waukulu, nalankhula ndi akufa monga mmene munthu alankhulira ndi akulu amene anawalakwira: kuti tinacoka osatsanzika, kuti si mwano koma mfuti, kuti tabwera ndi ana obadwira kwa eni ndipo awalandire. Anachulanso agogo aakazi amene tinawasiya m'manda a ku Ntcheu. Mpaka lero amayi amawoloka msewu caka ndi caka kukalambula manda amenewo.

Patapita zaka zambiri, ndili pa maphunziro a anthu a mawailesi mumzinda wa Tete, anationetsa filimu ya mu 1994 yochedwa A Árvore dos Antepassados, ndiye kuti mtengo wa makolo. Anthu a m'menemo si akatswiri a zisudzo. Ndi banja lenileni la m'cigawo cathu ca Tete, limene linathawira ku Malawi mu 1984. Zitatha zaka 10 linanyamuka kubwerera, ndipo Azevedo anayenda nalo ulendo wonse. Cimene cinkawalemera anthu aja mumtima n'cakuti anacoka mothamanga, osacita mwambo wotsanzikana ndi akufa awo, ndipo ankafuna kukafika pa mtengo wa pamudzi pawo kuti akapepese. Anzanga a m'zigawo zina ankaonera ngati phunziro la mbiri. Ine ndinkaona amalume ndi kambale kawo ka ufa. Ife amene dera lathu linatenga dzina la mtengo, Ntengo-wa-Mbalame, sitifunika kutimasulira kuti mtengo umasunga ciani.

Taganizirani zimene munthu wina akanajambula pa nkhani yomweyo. Akanaonetsa malole onyamula anthu, akuluakulu a mabungwe akugwirana canza, ziwerengero za obwerera, ndi mwana wolira wa nchenche m'maso. Zonsezo zinalipodi, koma ndi mmene amatiwonera wotipatsa cimanga. Azevedo anafunsa kuti eni ulendo akudera nkhawa ciani, ndipo atamva kuti ndi mizimu ya makolo, sanaseke kapena kuika nkhaniyo pambali ngati zacikale. Anaiika pakati penipeni pa filimu. Pamenepo ndi pamene ndinamusankha.

Munthuyu anayamba ngati mtolankhani, ndipo zimaoneka m'nchito zake. Amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a pa wailesi timadziwa kuti wa kumudzi sayamba ndi cimene cikumupweteka. Amayamba ndi mvula, mtengo wa feteleza, ng'ombe ya mnansi, ndipo mawu enieni amatuluka iwe utayamba kuganiza zozimitsa cojambulira. Wothamanga amabwerera ndi mankhusu. Mu Desobediência, ya mu 2002, Azevedo anatenga nkhani yoona ya mayi wa kumudzi amene abale a mwamuna wake ankamunena kuti ndiye anacititsa kuti mwamunayo adziphe, ndipo anthu a nkhaniyo anaisewera okha pamaso pa kamera. Kuti anthu okangana pa maliro akulole kucita zotere, uyenera kukhala nawo pansi masiku ambiri.

Cina cimene ndimamukondera n'cakuti sakometsera mbali. Virgem Margarida, ya mu 2012, imasimba za akazi amene anagwidwa m'misewu ya mumzinda waukulu mu 1975, ufulu utangobwera, n'kutumizidwa kunkhalango za kumpoto kuti akawaphunzitse khalidwe latsopano. Pakati pawo pali mtsikana wa kumudzi amene anatengedwa popanda colakwa ciliconse. Imeneyi ndi nkhani imene ambiri ankainong'ona cabe. Comboio de Sal e Açúcar, ya mu 2016, yocokera m'buku limene analemba yekha, imatsatira sitima yocoka ku Nampula kulowera ku malire a Malawi m'zaka za nkhondo. Anthu wamba akukwera ndi matumba a mcere kuti akasinthe ndi shuga, njanji ndi yoonongedwa, sitima ikuyenda ngati kamba, ndipo okwerawo akuopa a m'chire komanso ena mwa asilikali omwe akuwaperekeza. Aliyense wa kuno amene anasenzapo cimanga usiku kukasintha ndi sopo kutsidya amadziwa mantha a mbali ziwiri amenewo. Filimu imeneyi ndi yoyamba imene dziko lathu linatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Ndikudziwa cimene ena a inu mukunena kale: "Nanga bwanji mwasiya wakuda mnzathu n'kusankha mzungu wa ku Brazil?" Funsoli n'loyenera, ndipo silifunika kulizemba. Zoonadi anabadwira ku Brazil. Anafika m'dziko muno mu 1977, n'kuyamba nchito ku Instituto Nacional de Cinema, bungwe limene boma latsopano linakhazikitsa ufulu utangobwera. Ndi bungwe lomwelo limene linkapanga Kuxa Kanema, nkhani za pa kanema zimene magalimoto ankapita nazo m'midzi kukaonetsa anthu. Kuyambira pamenepo wakhala nafe, pa nkhondo ndi pa mtendere, zaka zoposa zimene ine ndakhala ndi moyo. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kamathanso kuceka mwini mutu. Mlendo wa kamera timamuyeza ndi cimodzi: kodi anthu amene wawajambula angadzione okha osacita manyazi? Pa muyeso umenewu Azevedo amapambana, ndipo alipo ena obadwira konkuno amene angalephere, cifukwa akafika kumudzi amangoona umphawi.

Kusankha Azevedo sikutaya Joyah. Joyah amandionetsa moyo wa anansi athu, wa m'tauni ndi wa kunyanja, ndipo ndimauzindikira ngati nyumba ya apongozi. Ejiofor anasimba bwino nkhani ya mnyamata mmodzi wanzeru zapadera. Koma ambiri a ife sitinapange makina a mphepo. Tinangothawa, tinapirira, tinabwerera, tinalimanso. Azevedo ndiye anaona kuti zimenezo pazokha ndi nkhani yokwana filimu.

Pali cinthu cimodzi cimene cimandiwawa. Mafilimu amenewa aonetsedwa ku Toronto ndi ku Locarno, koma mukayenda kucokera ku Tsangano mpaka ku Furancungo mudzapeza anthu ocepa kwambiri amene anawaonapo. Kuno kulibe nyumba ya kanema. Anyamata oika mafilimu m'mafoni pamsika amaika zimene anthu akufunsa, ndipo munthu safunsa cimene sanamvepo. Mafilimu a ku China ndi ku India amatipeza atamasuliridwa kale m'Cicewa ndi anyamata a ku Malawi, mwanthabwala zawo zija, pamene filimu ya banja la ku Tete imadziwika bwino kwa ophunzira a ku Ulaya kuposa kwa adzukulu a obwerera. Zili ngati kuphika nsima pakhomo pako, n'kudyedwa kumudzi wina.

Izi zingakonzeke popanda ndalama zambiri. Mabungwe a cikhalidwe, masukulu ndi mawailesi a m'madera angathe kulemba kalata kwa eni mafilimu kupempha cilolezo coonetsa. Nsalu yoyera, khoma la sukulu, makina oonetsera obwereka ndi batire ya sola n'zokwanira. Pamene pakulankhulidwa Cipwitikizi, mmodzi wa ife angaime pambali n'kumamasulira. Ndipo filimu ikatha anthu asabalalike msanga, cifukwa ndikudziwa kuti padzaimirira agogo ena n'kunena kuti kwawo sizinayende conco, zinayenda mwakuti. Pamenepo padzafunika wina wokhala ndi cojambulira m'manja.

Apa ndiye ndikulankhula ndi inu acinyamata. Amene anatisenza kumsana powoloka malire akutha mmodzimmodzi. Amalume aja anapita, ndipo mawu amene ananena patsinde pa mtengo atsala m'mutu mwanga mokha, mwinanso osakwanira. Foni imene mumajambulira magule ndi mipira ingathenso kusunga mawu a agogo anu. Pemphani kaye cilolezo cawo. Khalani pansi pomwe iwo akhala, osawaimirira. Afunseni njira imene anadzera, cimene ananyamula, amene anamusiya m'manda a kwa eni, ndi cimene anacita tsiku loyamba atabwerera. Akayamba ndi nkhani ya mvula, musawadule. Akakhala cete, musazimitse. Mukatero mudzakhala mwayamba nchito ya wotsogolera filimu, ndipo tsiku lina wolemba m'kabuku ngati kano, pofunsidwa amene amamukonda, adzachula dzina la mwana wa ku Ntengo-wa-Mbalame.