Singano ya atate

Atate atamwalira, galamafoni yawo ndi zimbale 23 zinatsala kwa amalume ku Masumba, m'boma la Mambwe. Ine ndimaphunzitsa masamu ku Matero, ndipo nyimbo ndimamvera pa foni ngati inu nomwe. Koma pa tchuthi cha Ogasiti ndinakwera basi ya ku Chipata, kenako ina yotsikira kuchigwa, m'thumba muli katiriji yatsopano. Katiriji ndi kabokosi kaja kogwira singano kunsonga kwa mkono wa galamafoni.

Ndinapeza amalume atamata ndalama yachitsulo pamwamba pa kabokosi kakale. "Ikamalumpha timaipanikiza, aphunzitsi," anatero akuseka. Mtima unandiwawa. Chimbale cha Paul Ngozi cha 1976, Day of Judgement, chinali kulira ngati munalowa mchenga, makamaka nyimbo zamkati. Kampani ya Teal ya ku Ndola, imene inkadinda zimbale zambiri za Zamrock, inaleka kalekale. Singano ikapala mizere, china mukachigula kuti?

Kudzudzula amalume m'nyumba mwawo sindikanatha. Ndinangowapempha kuti andigwirire tochi.

Poyamba tinaika sosala ya madzi pa mbale yozungulira. Madzi anapendekera kumodzi, choncho tinapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo wa tebulo. Kenako ndinatenga pepala la magirafu, lomwe ana anga a sukulu amadana nalo, n'kuboola bowo lolowa bwino pa kamsomali kapakati. Kuchokera pakati pa bowolo ndinajambula mzere wowongoka ndi timadontho tiwiri, pa 66 mm ndi pa 121 mm.

Chifukwa chake n'chakuti podula chimbale, singano yodulira imayenda mowongoka, pomwe mkono wa galamafoni umayenda mokhota. Motero singano ingalunjike bwino mumzere pamalo awiri okha, ndipo miyeso iyi, yochokera ku masamu a Baerwald a mu 1941, imachepetsa kuphonya kwa malo ena onsewo.

Nditamanga katiriji yatsopano, timasikuluwu tiwiri ndinatisiya tolefuka. Singano ikatera pa dontho, mbali za kabokosi ziyenera kutsata mizere ya pepala. Pa dontho loyamba zinatheka, pa lachiwiri kanapotoka. Kukankhira kutsogolo pang'ono, loyamba linasokonekera. Tinabwereza mpaka thukuta kudonthera papepala, amalume akung'ung'udza kuti ndalama ija sinkavuta chonchi.

Kagalasi ka akazi awo kanatithandiza kuona ngati singano yaima chilili: iyo ndi chithunzi chake zizipanga mzere umodzi. Za kulemera, pabokosi panalembedwa magalamu 2. Ndinatsamiritsa rula pa pensulo, zitsekero ziwiri za botolo uku ndi uku. M'chimodzi ndinathira 2 ml ya madzi ndi sirinji, chifukwa 1 ml imalemera galamu imodzi, m'chinacho ndinatsitsiramo singano, n'kumazunguza chitsulo cha kumbuyo kwa mkono mpaka rula itafanana.

Dzuwa likulowa tinaika chimbale chija. Gitala inamveka yoyera ndipo singano sinalumphe. Pa nyimbo yomaliza mchenga uja unalipobe, poti chopalika sichibwerera. Amalume anakhala chete, kenako anati, "Iyi mlamu wanga ankavina atavula nsapato." Zimenezo ine sindinkazidziwa.

Pepala lija anandilanda, analisunga m'chikuto cha chimbalecho. Ndalama ija anapatsa mdzukulu wawo kuti akagule switi.