Kusamala Mapeto a Mizere m'Mafayilo Oyesera Pulogalamu

Mzere uliwonse wa mawu mu fayilo ya pa kompyuta umathera pa chizindikiro chimene maso sachiona. Wowerenga amangoona kuti mawu atsikira pa mzere wina, koma mkati mwa fayiloyo muli baiti imodzi kapena mabaiti awiri amene auza kompyuta kuti mzerewo watha. Zizindikirozi zilipo ziwiri: CR, imene nambala yake mu ASCII ndi 13, ndi LF, imene nambala yake ndi 10. Makompyuta a Linux ndi macOS amatseka mzere ndi LF yokha, pamene a Windows amaika CR kenako LF. Kusiyana kwake ndi baiti imodzi pa mzere, koma kukalowa m'mafayilo oyesera pulogalamu kumatha kuimitsa ntchito ya gulu lonse.

Zizindikirozi zinayambira pa makina akale otumizira mauthenga, monga Teletype Model 33 ya mu 1963. Makinawo ankasindikiza pa pepala, ndipo mzere ukatha ankafuna malamulo awiri, lina (CR) lobwezera mutu wosindikizira kumanzere, lina (LF) lokweza pepala. Unix, potengera Multics, inasankha LF yokha. CP/M inasunga zonse ziwiri, MS-DOS ya mu 1981 nayonso inatero, ndipo Windows inalowa m'mapazi momwemo. Makompyuta a Apple ankatseka mzere ndi CR yokha mpaka pamene Mac OS X inatuluka mu 2001. Notepad ya Windows inayamba kusonyeza bwino mafayilo a LF mu 2018. M'mbuyomo inkaunjika mawu onse a fayilo yotere pa mzere umodzi wautali.

Pa mafayilo amene muli malamulo a pulogalamu yeniyeniyo, nkhaniyi sivuta kwenikweni, chifukwa zilankhulo zambiri za kompyuta zimalandira mapeto a mtundu uliwonse. Mafayilo oyesera ndi ena. Awa ndi mafayilo amene mmisiri amawakonzeratu: ina ndi yoti pulogalamu iwerenge, ina ndi yosunga yankho limene pulogalamuyo iyenera kutulutsa. Mayeso akamayenda, zimene pulogalamu yatulutsa zimayerekezedwa ndi yankho losungidwalo, nthawi zambiri baiti ndi baiti. Mafayilowa ali ngati miyala ya sikelo ya pamsika: mwala wa kilogalamu ukapalidwa pang'ono, aliyense woyezera pa sikeloyo wanamizidwa, ngakhale sikelo yakeyo ili bwinobwino.

Vutoli limaonekera m'njira ziwiri, ndipo yaphokoso ndiyo yabwinoko. Mayeso amene akudutsa pa kompyuta ya Linux amalephera pa ya Windows. Uthenga wa kulepherako umasonyeza mizere iwiri yofanana ndendende, wina wolembedwa kuti ndiwo unkayembekezeka, wina kuti ndiwo wapezeka. Wophunzira ntchito amayang'ana mpaka maso kuwawa osaona chosiyana. Ngati mayesowo amawerenga kukula kwa fayilo kapena amawerengera nambala yake ya SHA-256, zotsatira zimasiyana kotheratu. Fayilo ya malamulo a bash ikalowa CR, Linux imakana kuiyendetsa, n'kulemba kuti /bin/bash^M sikupezeka. Zonsezi n'zotopetsa, komabe zimadziulula zokha.

Njira yachiwiri ndi yachinunu. Pali mapulogalamu amene ntchito yawo ndi kuwerenga CR ndi LF molondola. Mitu ya mauthenga a HTTP imatseka mizere ndi CR LF, makalata a imelo chimodzimodzi, ndipo RFC 4180 ya mu 2005, imene imafotokoza mafayilo a CSV, imatchulanso CR LF. Wolemba pulogalamu yowerenga CSV amasunga dala fayilo yokhala ndi CR LF, ina ya LF yokha, ndi ina yosakaniza. Tsiku lina chida china chimachotsa CR m'mafayilo onsewo. Mayeso amapitirira kudutsa, palibe wodandaula, koma tsopano mafayilo atatuwo akuyesa chinthu chimodzi. Wina akadzawononga gawo lowerenga CR, palibe chimene chidzachenjeze gululo mpaka wogwiritsa ntchito pulogalamuyo atadandaula. Ife a ntchitoyi timaopa mayeso odutsa mwabodza kuposa mayeso olephera.

Chida chimene chimasintha mapetowa kawirikawiri ndi Git, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 2005 ndipo magulu ambiri amasungiramo ntchito yawo. Git ili ndi chosankha chotchedwa core.autocrlf. Chikaikidwa pa true, Git imasandutsa CR LF kukhala LF fayilo ikamalowa m'nkhokwe yake, n'kubwezeretsa CR LF ikamatuluka. Chikaikidwa pa input, imasintha polowa pokha. Chikakhala pa false, siikhudza kanthu. Cholakwika cha njira imeneyi n'chakuti chosankhacho chimakhala pa kompyuta ya munthu aliyense payekha. Anthu asanu pa pulojekiti imodzi akhoza kukhala ndi makonzedwe atatu osiyana, ndipo watsopano amene wangoika Git pa Windows nthawi zambiri sadziwa n'komwe chimene anasankha. Kuuza anthu pakamwa kuti akonze makompyuta awo sikuthandiza. Wina adzaiwala ndithu.

Lamulo liyenera kukhala m'nkhokwe momwemo, mu fayilo yotchedwa .gitattributes, imene imayenda limodzi ndi pulojekiti ndipo imaposa zimene munthu anasankha pa kompyuta yake. Mzere woyamba umakhala wa mafayilo onse, monga * text=auto, kutanthauza kuti Git izindikire yokha mafayilo a mawu ndi kuwasunga ndi LF. Pansi pake pamabwera malamulo apadera, popeza mzere wam'munsi umaposa wam'mwamba. Mafayilo a .sh amalembedwa eol=lf, a .bat amalembedwa eol=crlf.

Pa mafayilo oyesera m'pamene pamafunika kuganiza mofatsa. Ambiri amalemba eol=crlf pa fayilo imene akufuna kuti ikhale ndi CR LF, n'kuona ngati atha. Koma lamulo limeneli limasungabe LF m'nkhokwe, n'kuika CR pa mzere uliwonse fayilo ikamatuluka. Pa fayilo imene mizere yake yonse ndi ya CR LF zimenezi zimagwira. Pa fayilo yosakaniza dala, kusakanizako kumafafanizika. Chimene chimateteza mabaiti monga alili ndi -text, chimene chimauza Git kuti isakhudze mapeto a mizere m'pang'ono pomwe. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amaika mafayilo onse otere m'foda imodzi, n'kuilembera -text. Zithunzi ndi mafayilo ena amene si a mawu amalembedwa binary. Amene anakonza PNG ankalidziwa vutoli: m'mabaiti asanu ndi atatu oyambirira a chithunzi chilichonse cha PNG anaikamo CR LF ndi LF yapayokha, kuti chithunzi chimene mapeto ake asinthidwa panjira chidziwike msanga.

Kulemba .gitattributes sikukonza mafayilo amene analowa kale. Kuyambira pa Git 2.16 ya mu 2018 pali lamulo la git add --renormalize, limene limadutsa m'mafayilo ndi kuwasunganso motsatira malamulo atsopano. Ntchito imeneyi imachitidwa mu commit yakeyake, yopanda kusintha kwina kulikonse, chifukwa imakhudza mizere yambirimbiri ndipo chilichonse chobisala m'menemo palibe angachione. Nambala ya commit imeneyo imalembedwa mu fayilo ya .git-blame-ignore-revs kuti git blame, ikauzidwa za fayiloyo, isamanene kuti munthu mmodzi ndiye analemba mizere yonse. Fayilo imene CR yake inatayika kale siichira ndi -text. Iyenera kutengedwanso kumene inachokera kapena kupangidwanso.

Git si yokha imene imasintha mapeto. Pulogalamu yolembera imatha kutero munthu akangosunga fayilo. Magulu ambiri amaika .editorconfig yokhala ndi end_of_line = lf, kuwonjezapo malamulo ochotsa mipata kumapeto kwa mizere ndi oika mzere womaliza. Malamulowa ndi abwino pa pulogalamu, koma foda ya mafayilo oyesera iyenera kupatulidwa. Nacho chilankhulo cholembera mayeso chili ndi khalidwe lake. Python ikatsegula fayilo ngati ya mawu imasandutsa CR LF kukhala LF powerenga, ndipo pa Windows imaika CR LF polemba. Woyesa mapeto a mizere amatsegula fayilo ndi rb kuti alandire mabaiti enieni, kapena amaika newline="" monga malangizo a gawo la csv amanenera.

Mayeso akalephera chifukwa cha CR, pamabwera chiyeso chongochotsa CR mbali zonse ziwiri asanayerekeze. Nthawi zina n'zololeka. Ngati pulogalamu imangolemba lipoti loti munthu awerenge, ndipo palibe analonjeza mtundu wa mapeto ake, kuyerekeza mzere ndi mzere n'kokwanira. Koma ngati zotulukazo zikupita ku makina ena amene amayembekezera CR LF, kuchotsa CR m'mayeso ndi kutseka maso a mayesowo pa chinthu chimene anaikidwira kuti aziona. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi pulogalamuyi inalonjeza chiyani? Pamene chitsanzo chili chachifupi, ndi bwino kuchilemba m'mayeso momwemo ndi \r\n yooneka ndi maso, chifukwa palibe chida chimene chingachisinthe mobisa.

Kufufuza sikutenga nthawi. Lamulo la git ls-files --eol limasonyeza, pa fayilo iliyonse, mapeto amene ali m'nkhokwe, amene ali pa kompyuta, ndi lamulo limene likugwira ntchito. Pa Linux, cat -A imasonyeza CR ngati ^M, ndipo file imanena ngati fayilo ili ndi CRLF. Gulu limene pulogalamu yake imagwira pa Windows ndi pa Linux liyenera kuyendetsa mayeso ake pa makina a mitundu yonse iwiri nthawi iliyonse pamene wina wasintha kanthu. Liyeneranso kukhala ndi mayeso amodzi aang'ono amene amatsegula fayilo ya CR LF ngati mabaiti n'kutsimikiza kuti nambala 13 ikadalimo.