Mvula ya ku Chifunde imayambira kunyanja yamchere

Munthu wochokera ku Katete akadutsa chipata cha Chanida ndi kulowa pa Cassacatiza, ndiye kuti waponda boma la Chifunde. Msewu wa N9 umatsetsereka kulowera ku Tete, kudutsa mapiri, zigafa za fodya ndi midzi ya Achewa amene abale awo ali tsidya lina la malire. Mwezi wa October kuno kumatentha koopsa. Mitsinje yambiri imatsala mchenga ndi timadziwe, ndipo amayi amafukula mchengawo kuti apeze madzi. Dera la Kapoche ndi kumene kunali likulu la Undi kalekale, mpando usanasamukire ku Zambia.

Nyengo imeneyi nkhani ya pa bwalo imakhala imodzi: kodi mvula ibwera bwanji? Akuluakulu amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, amayang'ana mango mmene aberekera, nadikira chizimalupsa. Nzeru zimenezi zasunga midzi zaka zambiri. Koma ambiri mwa alimiwa sanaonepo nyanja yamchere, chonsecho mbali yaikulu ya mvula yawo imakonzedwa kumeneko.

Madzi a m'nyanja sakhala malo amodzi. Amayenda ngati mitsinje ikuluikulu, ena ofunda, ena ozizira. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar madzi ofunda amayenda mozungulirazungulira kulowera kummwera, ndipo chinyezi chochokera kunyanja ya Indian ndicho chimathandiza kusanduka mitambo ya kuno. Kutali kwambiri, kunyanja ya Pacific, madzi akafunda mopitirira muyeso mphepo za dziko lonse zimasokonezeka. Ameneyo ndiye El Niño. Njala ya 1992, imene anthu a m'malire muno anakumana nayo nkhondo ili kumapeto, inabwera m'chaka chotere. Chilala cha 2016 ndi cha 2024 chimodzimodzi.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji? Amagawa nyanja zonse m'timagawo ting'onoting'ono mkati mwa kompyuta, monga mmene mlimi amagawira dimba m'mabedi. Pa kagawo kalikonse amalembapo kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere ndi mphamvu ya mphepo, kenaka makinawo amawerengera kumene madziwo adzakhale mawa, mwezi wamawa, mpaka miyezi ingapo. Manambalawo satola m'mutu ayi. Kuyambira 1992 setilaiti ya TOPEX/Poseidon inayamba kuyeza kutalika kwa madzi a m'nyanja, ndipo lero muli zida zoyandama za Argo pafupifupi 4,000 zimene zimamira mamita 2,000 ndi kutumphuka pakatha masiku 10 kudzatumiza zimene zayeza.

Mu 1986 Mark Cane ndi Stephen Zebiak a ku America ndiwo anayamba kulosera El Niño ndi kompyuta. Mu 1994 Cane ndi anzake anaonetsa kuti kutentha kwa madzi a Pacific kumayendera limodzi ndi zokolola za chimanga ku Zimbabwe, dziko loyandikana ndi Tete yemweyu. Kuyambira 1997 akatswiri a nyengo a maiko a SADC amakumana chaka chilichonse dzinja lisanayambe, ndipo a INAM amaulutsa uthengawo pa wailesi.

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ndiko kosavuta kuwerengera, chifukwa kumatsata mwezi ndi dzuwa. Ku Beira madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita 6 tsiku limodzi, ndipo nthawi yake imadziwika chaka chisanafike. Mvula ndiyo yovuta. Kompyuta ikhoza kunena kuti chigawo chonse chilandira mvula yochepa, koma siingauze munthu wa ku Mualadzi tsiku lobzala. Nyanja yofunda imadyetsanso namondwe, monga Ana wa mu January 2022 amene anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè ku Tete.

Apa mlimi amayenera kuganiza mofatsa. Wogula chimanga amafika pakhomo m'mwezi wa June ndi ndalama m'manja, pomwe uthenga wa nyengo umamveka cha mu September, nkhokwe zina zitapepuka kale. Amene anasungako matumba angapo ndiye amakhala ndi mpata wosankha: kugula mbewu yocha msanga, kuwonjezera chinangwa ndi mapira, kapena kutsegula dimba m'mbali mwa Luia madzi akadalipo.