Ku Mchesi, komwe puleni imagona chammbali

Ukatsika minibasi ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe, fungo la utuchi ndi vanishi limakulonjera usanaone n'komwe mabedi, mipando ndi zitseko zimene azindandalika m'mbali mwa msewu. Ine sindinapite kukagula. M'chikwama ndinanyamula puleni yaitali ya mtengo imene agogo anga aamuna ankapalira matabwa ku Dedza. Chimwalirireni iwo, yakhala ili kunsi kwa bedi, ndipo amalume amangoti tiigulitse.

Mu shedi ina ya malata ndinapeza bambo wachikulire, pensulo ili kukhutu. Anailandira ndi manja awiri, n'kutsinzina diso limodzi kuyang'ana kunsi kwake.

"Mwanawe, iyi mumaigoneka pa simenti eti?"

Ndinavomera mwamanyazi.

"Yapindika pang'ono. Mwayi wake, chiswe sichinalowe."

Anandifotokozera kuti mtengo, ngakhale utauma zaka zambiri, umapumabe. M'dzinja umamwa chinyezi n'kufufuma, ukafika Okutobala umauma n'kunyala. Puleni yaifupi imapirira, koma yaitali, ya masentimita pafupifupi 60, ntchito yake ndi kuwongola m'mphepete mwa matabwa kuti alumikizane popanda mpata. Iyoyo ikakhota, ndiye kuti tebulo lonse lakhota.

Kenako anandilozera kukhoma. Mapuleni awo atatu aatali anali pa shelefu yofika m'chiuno, kutali ndi chinyezi cha pansi komanso kutentha kwa malata. Iliyonse inagona chammbali pa thabwa lathyathyathya, thupi lonse litatsamira, kuti mpeni usakhudze kanthu. Saiimika pakona, saisanjikiza ndi macheka kapena hamala.

"Ukaweruka umagogoda kumbuyo kuno, kamtengo kopanira mpeni kamamasuka. Ukakasiya kothina mvula n'kubwera, masaya awa amang'ambika." Mpeni amaupukuta ndi kansanza ka mafuta kuti usachite dzimbiri, thupi lake amalipaka mafuta a linseed mwa apo ndi apo.

Ndinafunsa chifukwa chovutikira chonchi pamene anyamata a shedi yoyandikana ali ndi makina. Anaseka. "Magetsi akazima onsewa amabwera kudzabwereka. Ndiye paini wa ku Chikangawa ndi wofewa, aliyense apala. Koma mlombwa kapena mbawa, umafuna chida chowongoka ndi munthu wodekha."

Anatenga puleni yawo n'kupala kunsi kwa ya agogo, kawirikatatu basi, akuyeza ndi rula. Ananola mpeni pamwala, n'kundipatsa kathabwa. "Tayesani." Dzanja linanjenjemera, koma kachiwiri kanatuluka kachipalo kopiringizika, kopyapyala ngati pepala.

Ndalama anakana. Anangoti ndikakhome shelefu mvula isanayambe, ndipo ndisakaiike pa khoma la kubafa.

Madzulo ndinawaimbira amalume kuwauza kuti puleni sikugulitsidwa. Anakhala chete pang'ono, kenako anati misomali ndi thabwa abweretsa okha Loweruka.