Mantha a Pabwinja

Mu Januwale 2022, mnyamata wa zaka 16 wa ku America, Kane Parsons, anaika pa YouTube kanema wamfupi wotchedwa The Backrooms. Mbali yaikulu ya kanemayo ndi zipinda zachikasu zopanda munthu, makonde osatha ndi magetsi ong'ung'uza. Anaupanga pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Blender, ndipo anthu mamiliyoni anauonera. Chaka chomwecho kunatuluka Skinamarink, filimu ya Kyle Edward Ball wa ku Canada, yojambulidwa m'nyumba imene iye anakuliramo, yodzaza ndi zitseko, madenga ndi mdima. Mafilimu otere amatchedwa liminal horror. Amaopseza munthu ndi malo amene amayenera kukhala ndi anthu koma ali zii.

Ife a ku Chadiza mantha amenewa tinabadwa nawo. Tili ndi bwinja, mudzi umene anthu anasamukapo. Mitengo ya mango imaberekabe, mafuwa ali pamalo pake, nkhokwe inagwera mbali imodzi, koma palibe wakuyankha odi. Tili ana, tikamapita kukaweta ng'ombe, tinkalambalala bwinja la kumbuyo kwa dambo ngakhale dzuwa lili paliwombo. Agogo ankangotiuza kuti tikamva wina akutiitana kumeneko tisavomere. Palibe chimene tinaonako. Chimene chinkatiimitsa tsitsi chinali kudziwa maina a amene ankaphika pamafuwa aja, ndi chimene chinawasamutsa.

Tsopano kwabwera makina a AI opanga makanema. OpenAI inaonetsa Sora mu Febuluwale 2024, Google inatulutsa Veo 3 mu 2025. Umalemba mawu ochepa, kanema n'kutuluka. Ku Hollywood, nkhani ya AI inali imodzi mwa zimene zinachititsa olemba ndi osewera mafilimu kunyanyala ntchito mu 2023. Makonde opanda anthu savuta kwa makina amenewa, chifukwa zithunzi za mahotela ndi maofesi zadzaza pa intaneti pamene iwo anaphunzirira.

Mphwanga, amene amajambula maukwati ndi foni pa boma, anayesa kupempha pulogalamu ina yotere kuti imupangire bwinja. Atamaliza bando yake, inamupatsa tinyumba tozungulira tosesedwa bwino, mtengo umodzi wa mthethe ndi dzuwa lofiira, ngati chikuto cha buku la alendo odzaona nyama ku Luangwa. Mango munalibe, mafuwa munalibe. Tinaseka, koma ine ndinatsala ndi nkhawa. Ana athu akazolowera zithunzi zotere, adzayamba kuopa ndi maso obwereka, ndipo bwinja lenileni lidzangokhala thengo loti alimepo soya.

Sindikuwakana makinawa. Angamuthandize mphwanga kukonza mawu, kuchotsa phokoso la mphepo, ngakhale kulemba Chingelezi pansi pa kanema kuti a ku Lusaka ndi kutali amve. Koma chithunzicho achitenge yekha. Gafa ya fodya imene yatha ntchito, kalasi ya pulayimale pa holide ya Disembala, mphambano ya njira madzulo kwa Zingalume kapena kwa Mlolo, zonsezi zilipo ndipo sizifuna bando. Chofunika n'kuyamba wagwada kwa amfumu, afotokoze chimene akufuna, kenaka afunse akuluakulu kuti pabwinjapo pankakhala yani.