Kabatire ka m'kiyi wa galimoto

Ndimadula makiyi ku Limbe, koma masiku ano ambiri ofika pabenchi langa sabwera ndi kiyi wa loko wa kunyumba. Amabwera atagwira limoti ya galimoto, nkhope ili yakugwa. Ma Vitz, ma Sienta, ma Note ndi ma Demio ochokera ku Japan adadzaza misewu yathu, ndipo ambiri amafika ndi kiyi mmodzi yekha. Kiyi ameneyo akangosiya kutsegula zitseko, mwini wake mtima uli m'mwamba. Chonsecho nthawi zambiri chatha ndi kabatire kokha, kozungulira ngati kandalama kachitsulo.

Kiyi safa mwadzidzidzi, amayamba wadandaula. Kale mumatsegula galimoto muli patali, lero mpaka mufike pachitseko penipeni, mawa mudina batani kawiri katatu. Magalimoto ena amalemba chenjezo pa dashibodi, koma poti n'Chijapani, anthu amangoti galimoto ikulankhula zakwawo.

Munthu akandifunsa kuti, "Achimwene, kiyi wa Toyota amalowa batire lanji?" ndimati, "Bweretsani kuno bwana, titsegule kaye." Makiyi ena a Toyota amalowa CR1632, ena CR2032, ena CR2016. Yankho limakhala m'kati, lolembedwa pabatire lakalelo. Manambala aja ndi muyezo: awiri oyamba ndi kukula kwa batire, awiri omaliza ndi kuchindikala kwake. CR2032 ndi ya mamilimita 20 m'mimba mwake ndi 3.2 kuchindikala, CR2025 ndi ya 20 ndi 2.5, CR1632 ndi ya 16 ndi 3.2. Onsewa ndi a lithium, a mavoti 3.

Anthu amapusitsika kwambiri ndi CR2025 ndi CR2032, chifukwa kuwayang'ana pamwamba ndi amodzi. Mukaika lopyapyala pamalo a lochindikala limagwedera, kiyi n'kumagwira ntchito akafuna. Ndatsegulapo makiyi amene wina adapanira batire ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Mukakakamiza lochindikala pamalo a lopyapyala, mumapinda tizitsulo togwira batire, ndipo chikhokho sichitsekanso bwino.

Potsegula ndimayamba ndayala kansalu pathebulo. Ndimakankha kachitsulo kapambali n'kusolola kiyi wachitsulo wobisika m'limotimo. Pamene wachokapo pamakhala kampata. Ndimalowetsapo sikuludilaiva yaying'ono yophwathalala, n'kupotoza pang'ono, osati kukanula mwamphamvu, chikhokho chimangoti phwa! Makiyi akale amakhala ndi kasikulu kamodzi kumbuyo. Kansalu kaja n'kofunika chifukwa m'makiyi ena muli kachipu kakang'ono, kakuda kapena kagalasi, kongokhazikidwa pakona. Kameneka sikadalira batire, koma ndi kamene galimoto imazindikirira kiyi wake. Kakagwera mufumbi osakaona, zitseko zidzatseguka bwinobwino koma injini sidzalira, ndipo ndalama yokonzera zimenezo ndi ina.

Ndisanachotse batire lakale ndimaona kumene kwayang'ana chizindikiro cha +, poti makiyi ena chimakhala kumwamba, ena pansi. Latsopano ndimaligwira m'mbali ndi zala zouma. Kuligwira ndi pulayala kuwiri konse n'kulitha mphamvu lisanayambe n'komwe ntchito.

Mabatire otchipa a pamsika, ogulitsidwa ambirimbiri pakhadi limodzi, ine sindiwakhulupirira. Ena amalembedwa dzina la Panasonic kapena Maxell koma osatha mwezi. Ndimaona deti lapapaketi, kenako n'kuyeza ndi mita: latsopano lenileni limapitirira pang'ono mavoti 3. Mita nayonso siyonena zonse, chifukwa batire lotopa limatha kuonetsa pafupifupi 3 lili lokha, n'kugwa likangolowa m'kiyi.

Batire likakutherani muli panjira, musaitanitse amakaniko. Kiyi wachitsulo uja amatsegula chitseko cha dalaivala, ngakhale alamu atha kulira kaye. Ngati galimoto yanu ndi yoliza ndi batani, pondani mabuleki, gunditsani limoti pabatani la START, kenako dinani. Magalimoto ambiri a ku Japan amalira choncho.

Chimene chimandinyansa pantchitoyi ndi anzathu ena amene amauza amayi kapena abambo osadziwa kuti kiyi "wafufutika", afunika kumulowetsanso pa kompyuta, pamene vuto ndi batire lokha. Pa magalimoto ambiri amene timaona kuno, kusintha batire sikufufuta kanthu. Zoona, nthawi zina vuto silikhala batire: kiyi adachapidwira m'thumba la thalauza ndipo m'kati mwachita dzimbiri lobiriwira, kapena timabatani tatha, kapenanso batire lalikulu la galimoto ndi limene lagona. Zimenezo zimaoneka ukatsegula, ndipo kasitomala ndimamuonetsa ndi maso ake ndisanatchule mtengo.

Batire lakale sindimubwezera munthu kuti akataye yekha. Mwana akalimeza limatha kukakamira pakhosi n'kuwotcha m'kati pasanathe maola awiri, ngakhale likhale loti silingatsegulenso galimoto, ndipo zikatero n'kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osayesa kumusanzitsa. N'chifukwa chake lililonse limene ndachotsa ndimalimata ndi tepi kuwiri konse n'kuliponya m'botolo lotseka lomwe limakhala pansi pa benchi.